Werengerani Musanalumikize Waya

Ana anga, inu amene mwayamba kugwira pulayala ndi tesita, ndi inunso amene mukadali pa desiki kuloweza fizikisi chifukwa cha mayeso a Fomu 4, khalani pansi timvane. Ntchito ya magetsi ndi imene yandimeretsa imvi, ndipo ndisanapachike zida pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna ndikusiyireni: musamalumikize waya musanawerengere.

Lero magetsi afika kumene kale kunkalamulira koloboyi. Padenga pali panelo ya sola, m'golosale muli firiji, pometera tsitsi pali makina ndi mulu wa mafoni otchajitsa. Ambiri mwa amene akulumikiza zonsezi ndi achinyamata ngati inu, ndipo umboni wawo woti ntchito yayenda ndi mawu amodzi okha akuti "zayaka". Babu likangowala, zida m'chikwama, ndalama m'thumba. Koma kuwala kwa babu sikukuuzani zimene zikuchitika mkati mwa waya. Waya amene akutentha kuseri kwa siling'i amayatsa babu bwinobwino mpaka tsiku limene adzayatse nyumba yonse.

Kalipentala amaona thabwa likakhota, womanga amaona khoma likapendekeka. Ife a magetsi mwayi umenewo tilibe. Chimene timagwira nacho ntchito sichioneka, ndipo chikafika ponunkha ndiye kuti zaipa kale. Maso athu ndi manambala, ndipo manambala ake si ovuta ayi. Amene amatha kuchulukitsa ndi kugawa angathe kuwerengera seketi ya m'nyumba.

Pali zinthu zitatu zoyenera kuzisiyanitsa, ndipo ndikupatsani fanizo limodzi kuti zikhazikike m'mutu. Taganizani za thanki ya madzi imene yakwezedwa pamwamba, paipi n'kutsika nayo kupita kudimba. Thanki ikakhala pamwamba kwambiri, madzi amakankhidwa mwamphamvu. Kukankha kumeneko pa magetsi ndi voltage, ndipo timakuyeza m'mavolti. Kuchuluka kwa madzi amene akudutsa m'paipimo pa sekondi iliyonse ndiye current, imene timaiyeza m'maampu. Kuning'a kwa paipi, kapena zinyalala zimene zatsekeramo n'kumabweza madzi, ndiye resistance, ndipo imayezedwa m'maomu. Magetsi a ESCOM amafika pasoketi panu ndi mavolti 230, batire la galimoto kapena la sola lili ndi mavolti 12, ndipo batire la tochi lili ndi volti imodzi ndi theka.

Munthu amene anapeza mmene zitatuzi zimagwirizanirana anali mphunzitsi wa masamu ndi fizikisi pasukulu ina mumzinda wa Cologne ku Germany, dzina lake Georg Simon Ohm. Bambo ake anali mmisiri wa maloko, ndipo luso la manja limene anatengera pakhomo linamuthandiza kudzikonzera yekha mawaya oyesera. Ankatenga waya wamfupi ndi wautali, woonda ndi wonenepa, n'kumayeza mmene current ikusinthira. Mu 1827 anasindikiza buku la zimene anapeza, koma akatswiri ambiri a kwawo sanalilandire bwino, mpaka iye anasiya ntchito yake ya ku Cologne. Ulemu unabwera mochedwa, mu 1841, pamene bungwe la Royal Society la ku London linamupatsa mendulo ya Copley. Lero palibe mmisiri wa magetsi padziko lapansi amene angagwire ntchito popanda lamulo la mphunzitsi ameneyu.

Lamulolo likuti voltage ndi yofanana ndi current kuchulukitsa ndi resistance. M'mabuku mwanu analemba kuti V = I × R. Mukadziwa ziwiri, chachitatu chimadzitulukira chokha. Pofuna current, gawani voltage ndi resistance. Pofuna resistance, gawani voltage ndi current.

Tiyeni tiliyese. Tengani batire la mavolti 12, mulumikizeko babu la maomu 6. Mukagawa 12 ndi 6 mupeza 2, ndiye kuti m'wayamo mukuyenda maampu 2. Chotsani babulo muikepo la maomu 3, current ikwera kufika maampu 4. Batire ndi lomwe lija, chasintha ndi resistance yokha. Tsopano taganizani sipanala itagwera pamitu iwiri ya batire limenelo. Chitsulo chonenepa choterocho resistance yake ndi yochepetsetsa. Tiyerekeze kuti pamodzi ndi ya mkati mwa batire ikukwana maomu 0.02. Kugawa 12 ndi 0.02 kukutipatsa maampu 600. N'chifukwa chake sipanala imathetheka moto, kufiira, ngakhale kuphulitsa batire. Chimene timachitcha shoti n'chimenecho: njira imene resistance yake yatsala pang'ono kutheratu, moti current imasefukira popanda choiletsa. Mavolti 12 musamawaderere.

Chachinayi ndi mphamvu imene chipangizo chikudya, imene timaiyeza m'mawati, dzina lochokera kwa James Watt wa ku Scotland amene anakonza bwino injini zoyendera nthunzi. Mphamvu ndi voltage kuchulukitsa ndi current, P = V × I. Babu la maomu 6 lija likudya 12 kuchulukitsa ndi 2, amene ndi mawati 24.

Pano ndipamene masamu a m'kalasi amakumana ndi khitchini ya amayi anu. Tembenuzani ketulo yamagetsi muone kunsi kwake. Pali kachizindikiro kolembedwa mavolti ndi mawati ake. Tinene kuti palembedwa mawati 2000. Gawani 2000 ndi 230, mupeza maampu pafupifupi 8.7. Imeneyo ndiyo current imene waya, pulagi ndi soketi ziyenera kusenza nthawi yonse imene madzi akuwira. Gawaninso 230 ndi 8.7, mupeza maomu pafupifupi 26, amene ndi resistance ya elementi ya ketuloyo. Nambala imeneyi ndi chakudya chanu inu okonza zinthu. Munthu akakubweretserani ketulo yoti yasiya kutentha, musayambe ndi kumasula zonse. Ketulo ili yozula kukhoma, ikani multimeter pa maomu, mugunditse timawaya take pamano awiri a pulagi, swichi ya ketulo ili yotsegula. Ikawerenga pafupi ndi 26, elementi ili bwino, vuto lifunefuneni kusoketi. Ikapanda kuwerenga kanthu, penapake paduka, kaya fyuzi, kaya waya, kaya elementi yeniyeniyo. Ikawerenga pafupi ndi 0, muli shoti. Amene sanawerengere amayeza osadziwa nambala imene akuyembekezera, ndipo chida chabwino m'manja mwake chimangokhala chokongoletsa.

Mawati ndi amenenso amatiuza kumene mayuniti akuthera. Yuniti imodzi imene mumagula ndi mawati 1000 kwa ola limodzi. Ketulo ya mawati 2000 imamaliza yuniti m'theka la ola. Hotipuleti ya mawati 1500 ikakhala pamoto wonse maola awiri kuphika nyemba, mayuniti atatu apita. Babu lakale lija la mawati 100 limadya yuniti m'maola 10, pamene la LED la mawati 9 limapitirira maola 100 pa yuniti imodzi yomweyo. M'makomo ambiri anthu amakalipira mwana wotchaja foni kuti akutha magetsi, chonsecho tchaja ya foni imadya mawati ochepa kwambiri. Zimene zimameza mayuniti ndi zotenthetsa: kuka, giza, ayironi, ketulo. Mukadziwa kuwerengera mungathe kuthetsa mkangano wa anthu a lendi amene akugawana mita imodzi, aliyense n'kulipira mogwirizana ndi zimene akudya.

Tsopano tifike pa ekisitenshoni, chifukwa ngozi zambiri zimayambira pamenepo. M'chipinda muli soketi imodzi, ndiye munthu amagula ekisitenshoni ya mabowo anayi, n'kusomekapo ketulo ya mawati 2000, hotipuleti ya 1500 ndi ayironi ya 1200. M'maganizo mwake, bowo likakhalapo ndiye kuti malo alipo. Phatikizani mawatiwo, akukwana 4700. Gawani ndi 230, mupeza maampu opitirira 20. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito kuno inapangidwa kuti isenze maampu 13 basi, ndiye kuti mawati osapitirira 3000. Katundu yense uja akudutsa m'pulagi imodzi ndi m'kawaya kamodzi ka ekisitenshoni.

Mwina mungadabwe kuti bwanji kuonjezera zipangizo kukukweza current, pamene chipangizo chilichonse chili ndi resistance yakeyake. Yankho lili pa kalumikizidwe. Zinthu zikalumikizidwa mondondozana, current n'kumadutsa mwa china kenako mwa chinzake, resistance zake zimaphatikizana. Maomu 100 ndi maomu 100 amapanga 200, current imatsika, ndipo chimodzi chikaduka zonse zimazima. Kumeneko ndi kulumikiza kwa series. Koma m'nyumba timalumikiza mwa parallel, kutanthauza kuti chipangizo chilichonse chili ndi njira yakeyake ndipo chikulandira mavolti 230 athunthu. Chipangizo chatsopano chilichonse chimatsegula njira ina yoti current idutsemo, motero resistance ya zonse pamodzi imatsika. Maomu 100 awiri mwa parallel amapanga 50. Ketulo ija ili ndi maomu 26, hotipuleti 35, ayironi 44, koma zitatuzo pamodzi zimangokwana maomu 11, ocheperapo kuposa chilichonse mwa izo. Mabatire nawonso amatsata dongosolo lomweli. Awiri a mavolti 12 mukawandondozetsa amapereka 24. Mukawaika mwa parallel amakhalabe pa 12, koma amakhalitsa kawiri.

Tibwerere ku ekisitenshoni ija. Current ikapitirira kwambiri maampu 13 aja, fyuzi ya m'pulagi imapsa. Ana anga, fyuzi ikapsa yagwira ntchito yake. Kawaya kake anakapanga kofooka mwadala kuti kaduke waya wa m'khoma asanatenthe. Ndiye mupeza munthu akukulunga fyuzi yakufayo ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, kapena kusomekapo kachidutswa ka waya, n'kumasangalala kuti wakonza. Amene watero wasamutsira malo ofooka kwina kumene iye sakuona. Fyuzi kapena breaker ikazimitsa magetsi, funso loyamba likhale lakuti current yakwera chifukwa chiyani. Ndipo fyuzi muziisankha powerengera. Chipangizo chaching'ono ngati nyali ya patebulo kapena wailesi, chimene sichifika ngakhale mawati 700, chimafuna fyuzi ya maampu 3. Ya 13 ndi ya ketulo ndi ayironi.

Pali lamulo linanso limene ndikufuna mulisunge kuposa onse. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1840, James Prescott Joule wa ku Salford pafupi ndi Manchester, mwana wa mwini fakitale yofulula mowa, ankamiza mawaya m'madzi, kudutsitsamo current, n'kumayeza mmene madziwo akutenthera. Anapeza kuti kutentha kumayendera current yochulukitsidwa ndi iyo yomwe, kenako ndi resistance, P = I × I × R. Tamvetsani kulemera kwa zimenezi. Current ikawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Ikawirikiza katatu, kutentha kumawirikiza kasanu ndi kanayi. Kawaya ka ekisitenshoni kamene kamangofunda pa maampu 10 kamalandira kutentha kowirikiza kanayi pa maampu 20, ndipo pulasitiki wake amayamba kufewa.

Waya nayenso ali ndi resistance, ngakhale ambiri amaiwala. Waya wa kopa wonenepa sikweya milimita imodzi ali ndi maomu pafupifupi 0.017 pa mita iliyonse ya kutalika kwake. Akatalika resistance imakwera, akanenepa imatsika. Ichi n'chifukwa chake timaika waya wa 1.5 kumababu, wa 2.5 kumasoketi, ndi wa 6 kukuka. Manambala amenewa sanangolotedwa, anachokera m'kuwerengera kutentha kumene waya angapirire. Chenjeraninso ndi waya wotchipa amene wadzaza m'misika. Kunja amaoneka wofiirira ngati kopa, koma mukamupala ndi mpeni mkati mumatuluka zoyera. Ameneyo ndi aluminiyamu wongokutidwa, ndipo resistance yake imaposa ya kopa ndi theka n'kupitirira. Wina analembedwa 2.5 koma mukamusenda timawaya take ndi towerengeka, kunenepa konse ndi pulasitiki. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Muzipala, muzisenda, muziyeza musanagule.

Koma malo amene amatentha kwambiri nthawi zambiri ndi polumikizira. Tsegulani soketi ya kukhitchini imene yayamba kuchita chikasu m'mbali mwa bowo limodzi. Mukamasula chivindikiro mumamva kafungo ka pulasitiki wopsa. Sikuluu ya waya wamoto mupeza ikugwedera, kopa wada bii m'malo monyezimira, ndipo chikopa cha waya chauma moti mukachikhudza chimangofumbutuka. Chachitika n'chiyani? Amene anamanga sanalimbitse sikuluu. Waya akangokhudza pang'ono, pamalopo pamabadwa resistance. Tinene kuti ndi theka la omu lokha. Ketulo ikukoka maampu 9. Chulukitsani 9 ndi 9 mupeza 81, theka lake ndi mawati 40. Kachitsulo kamene timasungunulira mtovu pokonza wailesi kamadya mawati 30 kapena 40 omwewo. Ndiye kuti nthawi iliyonse imene amayi akuwiritsa madzi a tiyi, mkati mwa khoma muli kutentha kokwanira kusungunula mtovu, pamalo osaposa chikhadabo. Breaker siizimitsa, chifukwa maampu 9 si ochuluka. Chimene chingateteze nyumbayo ndi dzanja la mmisiri amene analimbitsa sikuluu n'kukoka waya kuti atsimikize. Kupotokola mawaya awiri n'kukulunga tepi, kapena pepala la pulasitiki la shuga monga ena amachitira, n'kutchera msampha m'nyumba ya mwini.

Inu amene mukuika sola m'midzi, lamulo limeneli likukhudzani koposa. Ambiri amaganiza kuti popeza mavolti 12 ndi ochepa, kawaya kalikonse kangathe. Zoona zake n'zosiyana. Wailesi yakanema ndi mababu angapo zokwana mawati 60 zimakoka kagawo kakang'ono ka ampu pa mavolti 230, pafupifupi 0.26. Pa mavolti 12 zimakoka maampu 5. Batire likakhala mamita 10 kuchokera pamene pali katunduyo, waya ndi wa mamita 20, chifukwa current imapita n'kubwerera. Waya wa 1 pa mtunda umenewo ali ndi maomu 0.34. Chulukitsani ndi maampu 5, mupeza kuti mavolti 1.7 atayika panjira, ndipo mawati opitirira 8 akungofunditsa waya. Mwini nyumba amaona kanema akuzimazima batire lili lodzaza, n'kuyamba kunena kuti anamugulitsa batire lakufa. Ikanipo waya wa 4, kutayika kutsika kufika pa theka la volti osakwana. Inivata ya mawati 1000 ikamagwira ntchito mokwanira imakoka maampu opitirira 80 kubatire la mavolti 12. Imafuna mawaya onenepa ngati a batire la galimoto, aafupi, omangidwa ndi mabawuti, ndiponso fyuzi pafupi ndi batire.

Muziuzanso eni ake zoona za batire. Lolembedwa 100Ah pa mavolti 12 limasunga mphamvu yokwana mawati 1200 kwa ola limodzi. Koma batire la asidi mukamalikhetsa kupitirira theka limafa msanga, ndiye zogwiritsa ntchito ndi 600 zokha. Katundu wa mawati 60 ayenda maola 10. Ayironi ya mawati 1200 imaliza gawo lonselo m'theka la ola. Munthu akauzidwa zimenezi pa tsiku loyamba sadzakutchulani wakuba pa mwezi wachitatu.

Masamu omwewa ndi amene amayendetsa magetsi a dziko lonse. Ambiri mwa magetsi athu amapangidwa ndi EGENCO pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ayenera kuyenda mitunda italiitali kukafika ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kutumiza mawati miliyoni imodzi pa mavolti 230 kungafune maampu opitirira 4000, ndipo mphamvuyo ingathere kutenthetsa mawaya panjira. Pa mavolti 132,000 mawati omwewo amangofuna maampu osakwana 10. Ichi n'chifukwa chake mathiransifoma amakweza voltage kufika 66,000 kapena 132,000, ndipo mzere wochokera ku Phombeya m'boma la Balaka kukafika ku Nkhoma unamangidwa kuti unyamule mavolti 400,000. Akayandikira kwa ife amatsitsidwa pang'onopang'ono mpaka thiransifoma ya m'dera mwanu itapereka 230. Mukaona mababu akufooka madzulo m'nyumba za kumapeto kwa mzere, pamene aliyense wayatsa hotipuleti, dziwani kuti ndi nkhani yomwe ija ya waya wa sola: current yachuluka, mavolti akutayika panjira. Olumikiza mwakuba amaonjezera katundu amene palibe anamuwerengera, ndipo thiransifoma ikapsa mdima umagwera onse.

Kwa inu okonda zing'onozing'ono za mawailesi ndi matochi, nachi chitsanzo chanu. Mukufuna kuyatsa ka LED kofiira pabatire la mavolti 12. Iko kamangofuna mavolti pafupifupi 2 ndi maampu 0.02. Mukakalumikiza mwachindunji kamapsa nthawi yomweyo. Pafunika resistor yoti imeze mavolti 10 otsalawo. Gawani 10 ndi 0.02, mupeza maomu 500. Pogula tengani yoposerapo pang'ono, ya 560, imene mizere yake ndi yobiriwira, yabuluu ndi yabulawuni. Musaime pomwepo, werengeraninso mphamvu: 10 kuchulukitsa ndi 0.02 ndi mawati 0.2. Resistor wamba ya kota ya wati ingakhale pafupi ndi malire ake, ndiye ya theka la wati ndi imene ingakhalitse. Mmisiri wabwino sasiya chinthu chikugwira ntchito pamalire.

Dziwaninso pamene lamulo la Ohm limafuna kusamala. Resistance ya chitsulo imakwera chikatentha. Babu lakale la mawati 100 likamawala lili ndi maomu pafupifupi 530, koma mukaliyeza lili lozizira mupeza ochepa kwambiri, osafika ndi 50 omwe. N'chifukwa chake mababu amenewa ankakonda kupsa pa nthawi yoyatsa. Mota ya firiji, ya pampu kapena ya chigayo imakoka current yowirikiza kangapo pamene ikudzuka kusiyana ndi pamene yakhazikika, motero inivata kapena jenereta imene mwaisankha poyang'ana mawati olembedwa okha ingalephere kuidzutsa. Ndipo maomu sayezedwa pa chinthu chimene chili ndi moto. Zimitsani, zulani, kenako yezani.

Nkhani yomaliza ya masamu ndi thupi lanu, chifukwa nalonso limamvera lamulo lomweli. Khungu louma lili ndi resistance yaikulu, koma likanyowa ndi madzi kapena thukuta imagwa kwambiri, mwina kufika pa maomu 1000 kuchokera kudzanja kukafika kuphazi. Gawani 230 ndi 1000, mupeza maampu 0.23. Nambalayo ikuoneka yaing'ono, koma chipangizo choteteza anthu chimene timachitcha earth leakage chinapangidwa kuti chizimitse magetsi pa maampu 0.03, chifukwa kupitirira pamenepo mtima ungasokonezeke kagundidwe kake. Munthu wosavala nsapato amene waima pasimenti yonyowa n'kugwira waya wamoto akulandira zowirikiza kasanu ndi kawiri n'kupitirira poyerekeza ndi malire amenewo. Musamagwire ntchito pa waya musanazimitse kubokosi lalikulu ndi kuyeza kuti motowo wachokadi. Waya wa earth, wobiriwira ndi chikasu uja, musamamudule poti zinthu zimayaka ngakhale palibe iye. Mnzanu akagwidwa ndi magetsi musamukoke ndi manja. Thamangirani kuswichi, kapena mukankheni ndi mtengo wouma.

Mwina wina akuti, ine sukulu sindinapite nayo patali, masamu amenewa si anga. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala, koma ankapita kulaibulale yaing'ono ya kwawo kukawerenga mabuku a sayansi. Ali ndi zaka 14 anamanga makina oyendera mphepo pogwiritsa ntchito dayinamo ya njinga ndi zitsulo zotola. Chimene ine chimandigwira mtima n'chakuti sanakhutire ndi kuyaka kwa babu. Anadzipangira breaker yakeyake ndi misomali, waya ndi maginito, chifukwa anazindikira kuti shoti ingathe kutentha nyumba ya makolo ake. Ngati iye anamvetsa zimenezi ndi mabuku obwereka, inu amene muli ndi makoleji a ntchito zamanja, maphunziro a TEVETA ndi foni yowerengera m'thumba mulibe chonamizira. Atsikana, ntchito imeneyi ndi yanunso. Imafuna mutu wodekha ndi manja osamala, ndipo zimenezo muli nazo. Phunzirani mokwanira, mukatenge chiphaso cha MERA chololeza kulumikiza magetsi m'nyumba, ndipo pamene simukudziwa funsani amene anakutsogolerani. Safunsa anadya phula.

Mayesero aakulu adzabwera kudzera kwa mwini ntchito. Adzakuuzani kuti waya wa 2.5 wakwera mtengo, ingoikani wa 1.5 poti mnzake anaika womwewo ndipo zikuyaka. Adzakuuzani kuti breaker ikuvutitsa, ikanipo yaikulu kuti isamagwe. Iye sakudziwa zimene akupempha, koma inu mukudziwa. Mukakulitsa breaker waya ali yemweyo, ndiye kuti mwalola wayayo kutentha popanda womuletsa. Tengani pepala mumuwerengere pamaso pake: mawati ake ndi awa, maampu ndi awa, waya uyu amatha awa. Anthu ambiri akaona manambala amamva. Akakana, nyamulani zida zanu mubwerere. Ndalama ya tsiku limenelo idzakusowani, koma m'nyumba imeneyo mudzagona ana amene sanapange nawo chisankhocho, ndipo ntchito imene mwaikwirira m'khoma idzakhalamo zaka makumi angapo inu mutachoka.

Choncho gulani kope laling'ono lokwana m'thumba la ovolosi. Pa ntchito iliyonse, musanadule waya, lembani zinthu zinayi: mavolti amene alipo, mawati a katundu yense amene adzalumikizidwe, maampu amene akutuluka mukagawa, ndi kutalika kwa waya. Kuchokera pamenepo sankhani kunenepa kwa waya ndi kukula kwa fyuzi, n'kusiyako mpata wa katundu amene mwini nyumba adzagule mawa. Mukamaliza, yatsani zonse kwa kanthawi, kenako muyende mukukhudza mapulagi ndi zivindikiro za masoketi kuti mumve ngati pena pakufunda. Yambani ndi kwanu komwe sabata ino. Tembenuzani chipangizo chilichonse, lembani mawati ake, muwerengere zimene soketi iliyonse ikusenza, ndipo chimene mupeze kuti chapitirira muyeso muchikonze musanapite kukakonza za eni. Mulungu akusungeni pa ntchito yanu, ana anga.